Mbeu za m'nsupa ya ambuya

Acinyamata anzanga, mukapita kumudzi pa holide, kasuzumireni m'nsupa imene ambuya amapacika pamwamba pa moto. Muli nthanga za maungu zosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asazidye.

Kodi mudziwa kuti maungu si akuno? Kwao ndi ku America, pamodzi ndi cimanga, nyemba ndi matimati. Anaoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Columbus wa mu 1492, nthawi imene Apwitikizi anayamba kunyamula mbeu m'zombo zao. Apwitikiziwo anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1530, nadzafika ku Zumbo, pafupi ndi Feira (Luangwa ya lero), m'ma 1700. Koma khobwe ndi impwa, izo ndi zathu zeni-zeni za muno mu Africa.

Ciyambire nthawi imeneyo amai akhala akusankha dzungu lotsekemera, kuumika nthanga zace, ndi kupatsako mwana wamkazi akamakwatiwa. Mbeu ya haibulidi siicita tero. Mukabzala ana ace, zokolola zimasintha.

Nkhokwe ya mbeu ya maiko a SADC inakhazikitsidwa mu 1989, ndipo ili ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka. Komatu mtundu wa ambuya anu mwina kulibe kumeneko. Kapempheni nthanga khumi mvula isanagwe.