Mphini, Pelele ndi Pepala: Okometsa Nkhope ku Chigwa cha Shire

Pamene sitima yapamadzi ya David Livingstone, yotchedwa Ma-Robert, idakwera mtsinje wa Shire m'mwezi wa January 1859, idapitirira pa mathiriro a Ruo, pamene lero pali Chiromo, nilowa m'dambo lalikulu limene iye adalitcha Elephant Marsh chifukwa cha kuchuluka kwa njovu. Dziko la kuvuma kwa mtsinje pamalo amenewo ndilo la Mfumu Mlolo masiku ano, m'boma la Nsanje. Alendowo adalemba zambiri za Amang'anja amene adawapeza m'chigwamo ndi m'mapiri a kumtunda: kuti adali alimi a thonje, oomba nsalu ndiponso osula makasu. Koma chimene chidawadabwitsa koposa chidali pankhope.

Akazi a Chimang'anja adali kuvala pelele. Mtsikana akadali wamng'ono adali kumuboola mlomo wam'mwamba pafupi ndi mphuno, ndi kulowetsapo kamtengo kuti bowo lisatsekeke. Chilonda chikapola, adali kuchotsa kamtengo kaja ndi kuikapo kena kokulirapo, pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, kufikira bowolo litakwanira kulandira mphete ya mainchesi awiri m'mimba mwake. Ya osauka idali yansungwi, ya olemera idali yamnyanga wa njovu. M'buku lake la 1865 Livingstone akusimba kuti mfumu ina yokalamba ya kumtunda, Chinsunse, itafunsidwa chifukwa cha mwambowu, idazizwa ndi kupusa kwa funsolo, popeza kwa iyo pelele adali kwa mkazi chimene ndevu zili kwa mwamuna. Pambali pa pelele padali mphini za pamphumi, pamasaya ndi pathupi, zotemedwa ndi lumo, kenaka n'kupakamo makala osinja kuti zikapola zioneke bwino. Padali mafuta a nsatsi, mikanda ndi makoza. Amuna nawonso sadali kutsalira: ena adali kuumba tsitsi lawo ngati nyanga za njati, ena kulimeta mwa maluwamaluwa.

Pali funso limene alendo aja sadalabadire. Kodi amene adali kugwira lumolo adali yani, nanga adamuloleza ndani? Kutema nkhope ya mwana wa mwini si chinthu chamasewera. Dzanja likanjenjemera, mzere wokhotawo mtsikana adali kudzapita nawo kumanda. Bala likatukusira, adali kutha kudwala kwambiri. N'chifukwa chake ntchitoyi siidali ya wina aliyense. Idali ya amayi odziwika, amene adaiphunzira kwa akulu awo mwa kuonerera nthawi yaitali, kugwirizira mutu wa wotemedwa ndi kusinja makala, asadapatsidwe lumo. Pa za chinamwali napo padali dongosolo lake. Namkungwi sadali kudziika yekha. Udindo wake udali wodziwika kwa mfumu ndi kwa amayi aakulu a m'mudzi, ndipo tsiku lotulutsa anamwali, atametedwa, atadzozedwa mafuta ndi kuvekedwa mikanda, mudzi wonse udali kuona ntchito ya manja ake.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mmisiri wa masiku amenewo sadali kusowa chikalata, pakuti umboni wa luso lake udali kuyenda wokha m'mudzi, kukatunga madzi ku Shire ndi kukasinja pamtondo. Mayi wofuna kutemetsa mwana wake adali kungoyang'ana masaya a ana a anzake, nadziwa kumene angapite ndi kumene sangapite. Wolakwitsa adalibe kothawira, chifukwa amene adamulakwirawo adali abale ndi anansi ake omwe.

Zinthu zidayamba kusintha msanga. Njala ya 1862 ndi 1863 pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo zidapululutsa midzi yambiri ya m'chigwa. Kudabwera Amakololo, kudabwera Asena ochokera ku Zambezi ndi miyambo yawo, kudabwera amishoni amene sadakondwere ndi pelele ngakhale mphini. Njanji yochokera kuchigwa itafika ku Blantyre mu 1908, Chiromo adali malo a malonda, ndipo m'masitolo a Amwenye mudayamba kupezeka akalilole, sopo wonunkhira, mafuta a m'botolo ndi phoda. Pelele adatsalira pa milomo ya nkhalamba zokha mpaka adatheratu. Mphini zokometsera zidakhalitsako, koma nazonso zidanka zichepa, makamaka pakati pa atsikana a pasukulu.

Kukongola kutalowa m'botolo, kudatuluka m'manja mwa mudzi. Omvera achikulire adzakumbukira mafuta a Ambi ndi anzake, amene m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 adali kutamandidwa m'manyuzipepala kuti amawalitsa nkhope. Lamulo la kavalidwe la 1973, limene lidaletsa akazi mathalauzi ndi masiketi aafupi mpaka pamene lidachotsedwa mu 1993, lidayeza kutalika kwa nsalu koma silidayang'ane m'botolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1975 dokotala wa khungu wa ku Pretoria, G. H. Findlay, ndi anzake adaonetsa kuti mankhwala a hydroquinone, opezeka m'mafuta ambiri oyeretsa khungu, akadzoledwa zaka zambiri amadetsa masaya ndi mawanga obiriwira osachokanso. South Africa idaletsa mankhwalawo m'zodzoladzola mu 1990. Mafuta ena adali ndi mercury, amene amaononga impso. Ndipo matenda a Edzi atadziwika m'Malawi mu 1985, lezala limodzi logwiritsa ntchito pa anthu angapo, kaya potema mphini kaya poseta nsidze, lidasanduka chinthu choopsa.

Ngozi zimenezi zidali zosiyana ndi za kale m'njira imodzi yaikulu: sizidali kuoneka tsiku lomwelo. Mzere wokhota umaoneka dzuwa lisadalowe, koma kupsa kwa masaya kumadza patapita zaka, wogulitsa mafuta uja atasamuka kalekale. Diso la mudzi, limene lidali lokwanira kuweruza wotema mphini, silikadatha kuweruza zimenezi.

Anthu a kwa Mlolo adali atadziwa kale mtundu wina wa umboni. Chipatala cha Trinity ku Muona chidatsegulidwa mu 1960 ndi masisitere a Chikatolika, ndipo pambali pake padakhazikitsidwa sukulu ya anamwino ndi azamba. Kumeneko mtsikana adali kulowa ndi mayeso, kutuluka ndi mayeso, ndipo dzina lake lidali kulembedwa m'kaundula wa bungwe loyang'anira anamwino. Wodwala wosamudziwa adali kutha kumukhulupirira chifukwa cha pepala limenelo. Koma kuphoda anthu sikudali kuwerengedwa ngati ntchito yophunzirira. Mkwatibwi adali kuphodedwa ndi mlamu wake kapena mnzake wochokera kutauni, ndipo wailesi, imene idali yokha m'dziko muno kuyambira 1964, siidali kufuna kuti woulutsa mawu akome nkhope.

Chaka cha 1999 chidabweretsa zinthu ziwiri pamodzi. Pa 1 April wailesi yakanema ya Television Malawi idayamba kuulutsa, ndipo nkhope ya munthu idayamba kuima pansi pa nyali zowala, pamaso pa anthu zikwi osamudziwa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. M'kupita kwa nthawi ntchito yokonza tsitsi, khungu, zikhadabo ndi nkhope idalowa pa mndandanda wa maphunziro ake, pafupi ndi ukalipentala ndi zomangamanga. Maiko ena adatsogola kale pa zimenezi: bungwe la CIDESCO, limene satifiketi yake imalemekezedwa m'maiko ambiri, lidayamba ku Brussels mu 1946.

Chimene sukulu yoona imaphunzitsa si kujambula nsidze kokha. Kumeneko mtsikana wa dzanja labwino amatha kudziphunzira yekha poonera pa foni. Chofunika chenicheni ndi chija chosaoneka: kudziwa mitundu ya khungu, kuwerenga zolembedwa pabotolo, kuyesa mankhwala pamalo pang'ono asadapake nkhope yonse, kutsuka maburashi kuti matenda a maso asachoke kwa mkwatibwi kupita kwa operekeza ake onse, ndi kuzindikira zilonda zimene ziyenera kupita kuchipatala m'malo mokwiriridwa ndi phoda. Satifiketi imene ilibe zimenezi kumbuyo kwake ndi pepala chabe, ndipo mapepala otere alipo, a maphunziro a sabata imodzi kuseri kwa saluni. Popeza ophoda alibe kaundula wonga wa anamwino, kholo lofuna kugulitsa mbuzi zake kuti lilipirire mwana liyenera kuyamba lafunsa ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku TEVETA, ndiponso ngati mayeso ake amachokera kunja kwa sukuluyo kapena amangolembedwa ndi mwini wake. Kwa iwo amene adaphunzirira pa saluni ya mnzawo zaka zambiri, bungweli lili ndi njira yoyesera luso limene munthu ali nalo kale ndi kumupatsa satifiketi, osabwereranso m'kalasi kuyambira pachiyambi.

Kwa mtsikana wa ku Makhanga, ku Muona kapena ku Fatima, kusankhaku kuli ndi mtengo wake. Mwa makoleji asanu ndi awiri akuluakulu a ntchito zamanja m'dziko muno mulibe ndi imodzi yomwe m'chigwa cha Shire. Yapafupi ndi ya Soche ku Blantyre. Madzi osefukira a 1997 adadula njira ya pakati pa Chiromo ndi Bangula pa Mtayamoyo, ndipo a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 adakokolola nyumba ndi chuma cha mabanja ambiri a kwa Mlolo, chomwecho ndalama ya ulendo, ya lendi ndi ya bokosi la zipangizo siipezeka mwachisawawa. Akatsala kwawo, amayi a mkwatibwi sadzamufunsa pepala. Adzafunsa amene adaphoda mwana wa uje pa ukwati wa mwezi watha, monga momwe agogo awo adali kufunsira za mphini. Akakwera mtunda wa Thabwa kukafuna ntchito ku hotela, ku nyumba youlutsira kanema kapena ku Johannesburg, kumene palibe amene adaona ukwati umenewo, adzayamba amufunsa satifiketi asadamulole kutsegula bokosi lake.