Ukwati ukatha, mlandu unkathera pamphasa

Lero sindikamba za mtengo wa feteleza ayi. Sabata yatha ndinatandala pamphasa tsiku lonse ngati nkhoswe ya mwana wa mlongo wanga, amene banja lake latha atakhala zaka 11 ndi ana atatu. Mwana wina wa m'tauni anandiimbira foni amvekere, "Malume, mukuvutikiranji, bwanji osangopita kukhoti?" Ndiye ndati ndilembe, mudziwe kumene mwambowu unachokera ndi mmene wasinthira.

Kale kuno kwa Kabudula, kwa Kalolo ndi midzi yonse ya Achewa, ukwati sunali wa anthu awiri okha. Mnyamata akafunsira mbeta, malume ake ankapita kukaonana ndi malume a mtsikana. Pachinkhoswe akuchimuna ankapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti, ndipo mbali iliyonse inkaonetsa ankhoswe ake, wamkulu ndi wamng'ono. Anthu amenewa ndiwo ankasenza ukwatiwo. Matenda akagwa, uthenga unkayamba kufika kwa iwo. Maliro chimodzimodzi. Ndewu ikabuka usiku, m'mawa mwake mkazi ankalawirira kwa nkhoswe yaing'ono. Ikalephera iyo, ankaitana yaikulu. Zikakanika pamenepo ndiye nkhani inkapita kwa anyakwawa, kenako kwa agulupu. Kwa mfumu yaikulu kunkafika milandu yokhayo yoti yakanika ponseponse. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ambiri nthawi imeneyo ankakhala chikamwini. Mwamuna ankamanga nyumba kwawo kwa mkazi n'kumalima munda wa apongozi. Ndiye banja likatha kugawana sikunkavuta kwenikweni. Ana anali a kuchikazi, owayang'anira ndi mwinimbumba, malume awo. Munda unali wa mbumba. Mkamwini ankanyamula khasu lake, nkhwangwa ndi chofunda, ulendo kwawo. Koma asanachoke ankayenera kumusudzula mkaziyo pamaso pa ankhoswe, kupereka kanthu kakang'ono ngati chizindikiro choti wamumasula, akhoza kukwatiwanso popanda wina kulipitsidwa chigololo. Ndipo mwamuna amene sanamangire mkazi wake nyumba ankauzidwa kuti ayambe wamanga. Ngongole imeneyo sinkafa. Mlandu suwola.

Atsamunda atabwera anafuna kulamulira kudzera mwa mafumu. Mu 1933 anakhazikitsa lamulo lopatsa mafumu akuluakulu makhoti awo, okhala ndi mlembi ndi buku. Apa ndi pamene milandu ya maukwati inayamba kulembedwa ndi kulipiridwa ndalama. Nthawi yomweyo amuna ankachuluka kupita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena kudzera ku Wenela. Ena ankabwera ndi njinga ndi sutikesi, ena osabweranso, aja tinkawatcha matchona. Agogo anga aakazi ankasimba kuti mkazi akadikira zaka zambiri popanda kalata kapena ndalama ya msonkho, ankhoswe a mbali zonse ankakhala pansi, ndipo abale a mwamuna ankamusudzula m'malo mwa mwana wawo wosowayo. Wenela inaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri ochokera kumigodi, koma mavuto a mabanja osiyidwa anapitirira, mpaka lero ndi Joni yomweyi.

Mipingo nayo inalowapo. A Katolika ku Nambuma ndi ku Namitete, a CCAP a Sinodi ya Nkhoma, onse anaika akulu ampingo ndi alangizi a mabanja. Choncho munthu wopemphera anakhala ndi makomo awiri ogogoda, kwa ankhoswe ndi kwa akulu ampingo.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri kuno kwathu ndi fodya ndi malo. Mkamwini uja wochoka ndi khasu lokha anayamba kufunsa kuti, nanga ndalama ya fodya amene ndalima, ngolo ndi ng'ombe ndagula, ndizisiye? Ambiri anayamba kukonda chitengwa, kutenga mkazi kupita naye kwawo. Kenako kuyambira 1968 kunabwera chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank. Anakumba migula, kulambula misewu, n'kuyeza minda ya mabanja kuika m'kaundula, zija timati ndunda, dzina lolembedwa n'kukhala la mtsogoleri wa banja. Kuyambira pamenepo mkazi wa chitengwa banja likatha ankapezeka ali pakati, kwa mwamuna si kwawo, kwawonso munda wake alongo ake anagawana kale. Milandu ya pamphasa inayamba kutalika.

Nthawi ya Kamuzu makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu zambiri mu 1969, mpaka kuweruza milandu yakupha. Matipate atabwera makhoti amenewa anaimitsidwa, ndipo milandu ya maukwati inapita kwa majisitireti. Mafumu anatsala ndi bwalo la m'mudzi, loyanjanitsa anthu. Malamulo aakulu a dziko lino, ndime 24, akuti ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anapeza limodzi, ndi chithandizo choyenera. Mu 2006 kunabwera lamulo loletsa nkhanza za m'banja, mu 2010 la chisamaliro ndi chitetezo cha ana, ndipo mu 2015 lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja, limene limazindikira ukwati wa chinkhoswe mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC.

Ndisakunamizeni kuti kale zonse zinali bwino. Mayi anga aang'ono anabwezedwa kwa mwamuna womenya katatu konse, ankhoswe akungoti banja ndi kupirira. Ulendo wachinayi anabwera ndi dzino lochoka ndi khutu losamva, ndipo anafa nalo khutu limenelo. Ankhoswe ena ankaopa manyazi kuposa kuopa maliro. N'chifukwa chake ine ndimati nkhani ikakhala ya kumenya, kuopseza ndi chikwanje kapena kugwirira mwana, imeneyo si ya pamphasa. Pitani kupolisi, kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nkhoswe yanzeru imaperekeza yokha.

Tsono za sabata yatha. Mphwangayu anali pa chitengwa. Panalibe kumenyana, koma bambowo anapeza mkazi wina fodya atagulitsa, chikondi n'kutha. Tinakumana kanayi chaka chino kuyesa kuwabweza, zinakanika. Ndiye tinati tisawakakamize, tikambe za ana ndi katundu. Tinakhala ankhoswe anayi, anyakwawa ali pambali ngati mboni. Tinawerenga zonse poyera: matumba 18 a chimanga, mbuzi 6, njinga, malata 24 amene anali asanakhome, ndi ngongole ya kubanki m'khonde. Mawu anakwera pa malata. Akuchimuna amati ndalama inali ya fodya wa mwana wawo. Ine ndinangofunsa kuti, kodi ankathirira nazale ndani, ankasoka ndani fodyayo m'chigafa mwana ali kumbuyo? Kunangoti zii. Mkulu wina wa kuchimuna komweko ndiye anati, "Apatseni malatawo, nyumba sitinawamangire." Chimanga chinagawidwa poyang'ana kumene ana akukagona, mbuzi pakati, ngongole pakati. Ana apita ndi mayi awo, koma bambo azilipira za kusukulu ndi kuwatenga pa holide. Tinalemba m'kope mapepala atatu, onse n'kusaina, ena kudinda chala, anyakwawa n'kudinda chidindo.

Kulembako n'kwatsopano, makolo athu ankadalira mboni zokha. Koma masiku ano mboni zimasamukira ku Joni, zina zimaiwala dala. Pepalalo likawathandizanso akapita kwa majisitireti kukatenga kalata yothetsa ukwati, poti kumeneko nthawi zambiri amafunsanso kuti ankhoswe anu ali kuti ndipo munakambirana zotani. Ndipo bamboyo akadzaleka kuthandiza ana, khomo la khoti ndi lotsegula, sitinamutsekere mwana wathu.

Inu a m'tauni amene mukungotengana osadziwitsa malume, ganizani bwino. Chinkhoswe si mavalidwe a chitenje chofanana ndi kuponya ndalama ayi. Ndi kusankha anthu amene adzakhale pamphasa tsiku loipa. Musasankhe nkhoswe poona galimoto. Sankhani munthu wosunga chinsinsi, wosamwa mowa pa mlandu, wotha kuuza m'bale wake yemwe kuti apa walakwa ndiwe.

Titamaliza tinadyera limodzi nsima ya nkhwani, mbali zonse ziwiri. Mwana wamkulu wa zaka 10 anatenga beseni n'kusambitsa m'manja agogo ake akuchimuna, kenako ife. Ukwati watha, koma pa maliro ndi pa ukwati wa anawa tidzakumanabe, ndipo tidzatha kupatsana moni. Mawa ndikupita kukathandiza kuumba njerwa za nyumba ija mvula isanayambe. Amene muli pafupi, bwerani ndi chikombole.