Minda ya Pakhomo M'mphepete mwa Nyanja ku Salima

Munda wa pakhomo ndi malo ozungulira nyumba pamene banja limabzala mitengo ya zipatso ndi ya mthunzi, ndiwo zamasamba, zitsamba za mankhwala, ndiponso maluwa pamakomo ena. Umasiyana ndi munda waukulu wa chimanga, mpunga kapena thonje, umene umakhala kunja kwa mudzi ndipo umalimidwa m'dzinja, komanso umasiyana ndi dimba, limene kwenikweni ndi munda wa m'dambo kapena wa m'mbali mwa mtsinje wolimidwa m'chilimwe, ngakhale kuti anthu ambiri amatcha dimba kamunda kalikonse kothirira. M'boma la Salima, limene likulu lake lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kum'mawa kwa Lilongwe ndipo pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 470,000, kapangidwe ka minda yotere kamayambira pa mthunzi, chifukwa kumeneko chomera chanthete chimene chilibe pobisalira dzuwa la Okutobala sichifika pa mvula yoyamba.

Nyengo ndi nthaka

Dera la Salima ndi chigwa chotsika, pakuti nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, ndipo munthu wotsika ndi msewu wa M14 amaumva msanga mpweya ukusintha. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 masana ambiri, mvula imagwa kuyambira chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala mpaka mu Epulo, ndipo m'miyezi yozizira kumawomba mwera, mphepo yochokera kumwera imene imawinditsa mafunde panyanja, imang'amba masamba a nthochi ndi kuumitsa mabedi ofesapo mbewu.

Nthaka ili m'mitundu ingapo. Pafupi ndi gombe, monga ku Senga Bay, kwa Maganga ndi ku Chipoka, kuli mchenga umene umamwa madzi nthawi yomweyo koma suwasunga. M'madambo muli makande, dothi lakuda limene limamata ku khasu m'dzinja ndi kung'aluka ming'alu m'chilimwe. Ndipo m'mbali mwa mitsinje ya Linthipe, Lifidzi ndi Lingadzi muli nthaka yachonde yobwera ndi madzi osefukira, imene ndiyo imapereka madimba abwino. Mijigo ina ya m'chigwachi imatulutsa madzi amchere pang'ono, ndipo bedi lothiriridwa ndi madzi otero kwa nthawi yaitali limayamba kuyera pamwamba, mbewu n'kumapinimbira.

Mbiri

Zomera zambiri zimene lero zimaoneka ngati zakwathu zinachita kubwera. Mango, nimu ndi cham'mwamba kwawo n'ku India ndi maiko oyandikana nalo, pamene chinangwa, mapapaya, magwafa, tomato ndi tsabola zinachokera ku America n'kufika mu Africa kudzera m'malonda a Apwitikizi. M'zaka za m'ma 1800 gombe la kumadzulo kwa nyanja linali panjira ya amalonda Achiswahili ndi Achiyao, amene likulu lawo lalikulu linali ku Nkhotakota kwa Jumbe, ndipo m'nthawi yomweyo Ayao anakhazikika pakati pa Achewa a m'derali, monga zikuonekera m'maufumu a Maganga ndi Pemba. Kulima mpunga ndi kubzala mango ndi ngole m'midzi ya kunyanja kumalumikizidwa kawirikawiri ndi njira za malonda zimenezi.

Lingaliro la munda wongokongoletsa, wokhala ndi kapinga wometedwa, maluwa obzalidwa m'mizere ndi njira zotchingidwa ndi miyala yopaka laimu, linabwera ndi amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Ku Mua, m'boma la Dedza kumwera kwa Salima, ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni mu 1902, ndipo pamalo a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, pali munda wa mitengo ndi zomera zosiyanasiyana. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, ndipo kuyambira pamenepo Senga Bay inakula ngati malo opumulirako, ndi hotela imene kale inkatchedwa Grand Beach, lero Sunbird Livingstonia Beach, pamodzi ndi nyumba za tchuthi za anthu a m'tauni. M'mabwalo a nyumba zotere ndimo munafala bougainvillea ndi frangipani, zomera za ku America zimene zimapirira chilala, ndipo anyamata amene ankalembedwa ntchito yosamala maluwa ankatengako timitengo todula n'kukazika kwawo.

Zolembedwa zodalirika pa zomera za pakhomo zinayamba ndi kafukufuku wa zakudya amene anayamba mu 1938 m'dera la Nkhotakota. Mmodzi mwa ochita kafukufukuyo, Jessie Williamson, anasindikiza mu 1955 buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, limene linatulukanso mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi, ndipo muli mayina a Chichewa ndi Chiyao a ndiwo ndi mitengo pamodzi ndi ntchito zake. Dziko litalandira ufulu, chitukuko cha ulimi chimene chinayamba ku Salima kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi thandizo la West Germany chinaika mtima pa thonje, mpunga ndi mtedza, monganso malo ofufuzira za ulimi a Chitala ndi Lifuwu, kotero munda wa pakhomo unatsala m'manja mwa amayi ndi agogo popanda mlangizi. Tsiku lobzala mitengo limene linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo pambuyo pake linakula n'kukhala nyengo yoyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, linafalitsa keshya, bulugamu ndi malaina m'masukulu ndi m'makomo. Posachedwapa kampani ya Malawi Mangoes, imene inamanga fakitale ku Salima m'zaka za m'ma 2010, yafalitsa luso lokwatitsa mango, kumene kuli kulumikiza nthambi ya mtundu wofunidwa, monga Kent kapena Tommy Atkins, pa tsinde la mango a makolo.

Kayalidwe ka pakhomo

Pakati pa zonse pamakhala bwalo losesedwa, lopanda udzu ngakhale umodzi. Mlendo wozolowera kapinga angaliyese malo osasamalidwa, koma bwalo loyera ndi mbali ya mapangidwe: njoka ndi zinkhanira zimaonekera patali, moto wolusa sufika pa tsindwi, ndipo pamafunika malo oyanikapo mpunga, makaka ndi usipa. Chakumadzulo kwa bwalo, kumene dzuwa la masana limalasa khonde, ndiko kumayenera mtengo waukulu wa mthunzi, kawirikawiri mango kapena nimu, wobzalidwa patali ndithu ndi khoma kuti mizu isang'ambe maziko, ndipo pansi pake ndi pamene amayala mphasa, kusoka ukonde ndi kulandirira alendo.

Kuseri kwa nyumba zomera zimatsata madzi otayidwa. Nthochi zimabzalidwa kumene kumathera ngalande ya kubafa, mapapaya ndi tsabola wa kambuzi zimamera m'mbali mwa thandala la mbale, ndipo maungu amayanga padzala, pamene phulusa ndi zinyalala zaola. Kamunda ka ndiwo kenikeni kamakhala kakang'ono ndipo kamazunguliridwa ndi mpanda wa bango, tsekera kapena nthambi zaminga, popeza anthu akangokolola mbuzi zimamasulidwa ndipo chobiriwira chilichonse chosatchingidwa chimatha m'mawa umodzi. Mipanda yamoyo ndi ya nkhadze, khonje kapena nsatsimanga. Nkhadze imagwira msanga ngakhale pamchenga, koma utomoni wake umawotcha m'maso, n'chifukwa chake siyenera pamalo osewerera ana. Kamtengo kongobzalidwa kumene amakamangira khola lakelake la njerwa zosanjikiza mosiya mipata, kapena amakavundikira ndi dengu lakutha lobowola pansi.

Nkhani ya mwini mtengo imakhudzanso kabzalidwe. Pa mwambo wa chikamwini, umene uli pakati pa Achewa ndi Ayao omwe, mwamuna amakhala kwawo kwa mkazi, ndipo ena amazengereza kubzala mitengo yochedwa kubala pamalo amene angadzachokepo, kotero mitengo yambiri ya pakhomo imadziwika ndi dzina la mayi kapena agogo amene anaibzala.

Kasamalidwe

Pamchenga mabedi a m'chilimwe amakumbidwa olowa pansi ngati mbale kuti madzi a m'keni asathawe, pamene pamakande ndiponso m'dzinja amakwezedwa kuti mizu isaole. Dzenje la mtengo wa zipatso limakumbidwa mvula isanayambe, lakuya ndi lotambalala masentimita pafupifupi 60, n'kuthiramo dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa a m'khola owolerana. Kuthirira kumachitika m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo kuphimbira, kumene kuli kuyala udzu wouma kapena mankhusu a mpunga pamwamba pa nthaka, kumasunga chinyontho, kungoti zophimbirazo zisakhudze tsinde chifukwa zimaitana chiswe. Ena amakwirira botolo lobowola kapena mphika wadothi wosapaka pambali pa kamtengo kuti madzi azilowa pang'onopang'ono kumizu.

Nsabwe za m'masamba ndi akangaude ofiira a tomato zimachuluka nyengo yotentha, ndipo alimi amazipopera ndi madzi oviikamo masamba osinja a nimu kapena ombwe, kapena kuwaza phulusa. Matenda a chisaka, amene amapinimbiritsa nthochi masamba n'kuunjikana pamsonga, alibe mankhwala koma kuzula phata lonse. Kufupi ndi mapiri a Senga anyani amathyola mapapaya asanapse, ndipo madimba a m'mathiriro a mitsinje amalowedwa ndi mvuu usiku.

Zomera, mayina ndi ntchito zake

Chuma chenicheni cha minda imeneyi chili m'ndiwo zimene palibe amene anazifesa. Bonongwe, luni, chisoso ndi denje zimamera zokha mvula ikagwa, ndipo wopalira wodziwa amazilambalala ndi khasu, n'kusiyako mitengo ingapo kuti ikhwime ndi kuwaza njere za chaka chamawa. Mbewu imodzi imakhala ndi mayina awiri, la chipatso ndi la masamba: a maungu ndi nkhwani, a nyemba ndi khwanya, a khobwe ndi chitambe, a mbatata ndi kholowa, ndipo a chinangwa ndi chigwada, chimene chimasinjidwa mu mtondo chisanaphikidwe. Therere nalo si chomera chimodzi ayi, koma ndiwo iliyonse yoterera, kaya ndi therere lobala, denje kapena chewe, ndipo limaphikidwa ndi chidulo, madzi osefedwa m'phulusa. Zotsala zimafutsidwa, ndiko kuti kuziwiritsa pang'ono ndi kuziyanika, ndipo mfutso wotere, wotendera ndi nsinjiro, ndiwo umadyetsa banja mu Seputembala ndi Okutobala pamene kusowa kwa ndalama kwachotsa nsomba m'mbale.

Cham'mwamba, chimene ena amati kangaluni, chinalandira dzinalo popeza ndi ndiwo yothyola m'mwamba osati pansi. Chimagwira ndi nthambi yongozika, chimakonda kutentha kwa kuchigwa, ndipo mzere wake umakhala mpanda ndi dimba nthawi imodzi. Mango a makolo ali ndi mayina awoawo, monga maboloma aakulu onona, dodo, kapantha ndi kalisere wamng'ono wa ulusi wambiri, amene ana amangoboola pamsonga n'kumayamwa. Nthochi nazo zilipo kabuthu wamfupi, amene sagwa msanga ndi mphepo, sukali wotsekemera, ndi khazanga wophika. Chinangwa cha manyokola, chimene chimadyedwa chachiwisi kapena chophika osachiviika, chimabzalidwa pafupi ndi nyumba kuti chizikumbidwa m'mawa wa tiyi.

Mitengo ina siibzalidwa koma imangosiyidwa pomanga nyumba. Mlambe umapereka malambe opangira chakumwa ndi phala, masamba anthete a ndiwo ndi luzi lopota zingwe. Bwemba ndi masau zimabala m'chilimwe pamene zipatso zina zasowa. Mgwalangwa umapereka mlaza wolukira mikeka, zipewa ndi madengu, zimene zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay. Koma mtengo woyenera kutamandidwa koposa ndi nsangu, umene asayansi amautcha Faidherbia albida, wofala kwambiri m'chigwa cha Salima: umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ikuphukira, kotero mbewu za pansi pake zimalandira dzuwa ndi chonde cha masamba owola, kenaka umavala masamba m'chilimwe n'kupereka mthunzi nthawi imene ukufunika, ndipo nyemba zake zopindika ndi chakudya cha mbuzi ndi ng'ombe. Chilema chake ndi minga ndi kukula kwake, n'chifukwa chake umayenera kumalire a malo osati pabwalo.

Maluwa pamakomo a m'midzi ndi ochepa ndipo amabzalidwa m'zitini, m'matayala akutha kapena m'zidebe zobooka zoikidwa pakhonde, kumene mbuzi sizifika kawirikawiri. M'malo ogona alendo a m'mbali mwa gombe kapinga amatheka pokhapokha pali pampu yokoka madzi a m'nyanja tsiku ndi tsiku, ndipo kumeneko mbande za maluwa ndi mitengo ya kanjedza yokongoletsa zimagulidwa m'machubu kwa anthu a manazale.

Kufunika kwake ndi mavuto a posachedwa

Zikuoneka kuti minda ya pakhomo imathandiza pa kadyedwe ka mabanja ndi kandalama kochepa ka mchere ndi sopo, makamaka m'miyezi ya pakati pa kutha kwa ndiwo za m'munda ndi kuyamba kwa mvula. Malo a m'mbali mwa gombe akuchepa pamene nyumba zogona alendo ndi za tchuthi zikuchuluka, ndipo mabanja osamukira kumtunda amasiya mitengo yobala n'kukayambanso ndi mbande. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba, m'mabwalo ndi m'madimba a m'mphepete mwa nyanja ku Salima ndi maboma ena, ndipo zomera zosapirira madzi odikha, monga mapapaya, n'zimene zimayamba kufa madzi akakhala pamizu kwa masiku ochepa chabe.