Tchende losatsika mwa galu ndi nthawi yomufulira

Tchende losatsika ndi chilema chobadwa nacho cha galu wamphongo, pamene tchende limodzi kapena onse awiri alephera kufika m'thumba mwake n'kutsalira m'mimba kapena m'mphechepeche. Madokotala a ziweto amachitcha cryptorchidism. Chimapezekanso mwa akavalo, nkhumba, amphaka ngakhalenso anthu. Kwa galu, chithandizo chodalirika n'chimodzi basi: kuchotsa machende onse awiri pa opaleshoni. Chimene mwini galu ndi dokotala amafunika kukambirana ndi nthawi, chifukwa kufulumira kuli ndi vuto lake, kuchedwa nakonso kuli ndi lake.

Momwe machende amatsikira

Kagalu kadakali m'mimba mwa make, machende ake amapangika pafupi ndi impso. Kachingwe kotchedwa gubernaculum kamawatsogolera kunsi, amadutsa pa kabowo ka m'mphechepeche patapita masiku ochepa kagalu katabadwa, ndipo pofika masabata 6 mpaka 8 amakhala alowa m'thumba. Pa msinkhu umenewu amakhala aang'ono ndi ofewa, ndipo kagalu kakachita mantha kapena kuzizidwa amathawira m'mwamba, choncho kuwasowa tsiku limodzi si umboni wa chilichonse. Kabowo kaja kamatsekeka galu akamakwana miyezi 6. N'chifukwa chake madokotala amadikira kufikira pamenepo asanagamule. Tchende lomwe silinatsike pa miyezi 6 nthawi zambiri ndiye kuti silidzatsikanso.

Mwa agalu anayi a vutoli, pafupifupi atatu amakhala ndi tchende limodzi lotsalira, ndipo kawirikawiri limakhala la kumanja. Agalu a mitundu ing'onoing'ono monga Chihuahua, Pomeranian, Yorkshire Terrier, Maltese ndi Poodle wamng'ono ndiwo amagwidwa kwambiri, koma Boxer, Bulldog ndi German Shepherd nawonso sasowa pa mndandanda. Vutoli n'lakumtundu. Galu wamkazi saonetsa chizindikiro chilichonse, komabe atha kupatsira ana ake aamuna.

Kuopsa kwake

Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndipo mbewu ya umuna siipangika pa kutentha kotere. Thumba la machende limalendewera kunja kuti lizizizirako. Motero tchende lotsalira m'kati silibereka, limakhala lofwapa, koma limapangabe homoni yachimuna ya testosterone. Galu amene machende ake onse awiri anatsalira m'kati sangapereke bere, komabe amakwera, amakodzera m'mitengo ndi m'makoma, amathawa pakhomo kutsata zazikazi. Wa tchende limodzi lotsika amabereka bwinobwino, ndipo apa mpamene chilemacho chimafalikira.

Choopsa chachikulu ndi khansa. Kafukufuku wosiyanasiyana wapeza kuti tchende losatsika limachita chotupa kuwirikiza ka 9 mpaka ka 14 poyerekeza ndi lotsika. Zotupa zake zodziwika ndi ziwiri, seminoma ndi chotupa cha maselo a Sertoli. Chachiwirichi nthawi zina chimatulutsa homoni yachikazi ya estrogen, ndipo galu amasintha pang'onopang'ono: ubweya umasosoka mofanana mbali zonse ziwiri, m'nthiti ndi m'ntchafu, koma iye osadzikanda, khungu limada, mawere amakula, khungu la chokodzera limalendewera, agalu aamuna anzake amayamba kumulondola. Ambiri amayesa mphere n'kumangomusambitsa dibi. Estrogen ikachuluka kwa nthawi yaitali imafooketsa mafuta a m'mafupa, omwe amapanga magazi. Usinini umayera, magazi amatuluka osaleka pa kabala kakang'ono, ndipo galu akafika apa kumupulumutsa kumavuta kwambiri. Choipa n'chakuti chotupa cha m'mimba chimakula mobisika. Cha m'thumba mwini galu amachiona msanga.

Ngozi ina ndi kupotokola kwa chingwe cha tchende. Tchende la m'mimba silikhazikika, makamaka likalemedwa ndi chotupa, ndipo likazungulira magazi amaleka kuyenda. Galu amamva ululu woopsa, amasanza, amakana chakudya, salola kumukhudza pamimba. Zikatero n'zofunika opaleshoni tsiku lomwelo.

Nthawi yomufula

Zotupa za machende zimakonda agalu a zaka zapakati ndi okalamba. Mwa galu wosakwana zaka 2 n'zosowa. Apa pali mpata wopumira: palibe chifukwa chothamangira kung'amba kagalu ka miyezi 3 kapena 4, pomwe tchende likadathanso kutsika lokha n'kupeputsa ntchito.

Funso lenileni limayamba miyezi 6 ikakwana, ndipo yankho limadalira kukula kwa mtundu wa galuyo. Mahomoni achimuna amathandiza kuti mafupa aatali aleke kukula pa nthawi yake. Akachotsedwa msanga, mafupa amapitirirako pang'ono, ndipo mwa agalu olemera izi zimatha kusokoneza mokumana mafupa. Gulu la Benjamin Hart ndi Lynette Hart la ku University of California, Davis, linafufuza nkhaniyi pa Golden Retriever mu 2013, kenako pa German Shepherd mu 2016. Mwa ma German Shepherd aamuna osafula, 7 pa 100 alionse anapezeka ndi matenda a m'chiuno, m'bondo kapena m'kasukusuku, pomwe mwa ofulidwa asanakwane chaka anali 21 pa 100. Mu 2020 gululi linafalitsa zotsatira za mitundu 35 ya agalu, ndipo mwa mitundu ing'onoing'ono vuto la mafupali silinaoneke. Malangizo a bungwe la American Animal Hospital Association a mu 2019 amayenda njira yomweyo: galu amene akadzakula sadzapitirira makilogalamu pafupifupi 20 afulidwe pa miyezi 6, wamkulu adikire mpaka ataleka kukula, pakati pa miyezi 9 ndi 15.

Tikaika chiopsezo cha khansa ndi cha mafupa pamodzi, njira yanzeru imaoneka. Galu wamng'ono wa tchende losatsika afulidwe miyezi 6 ikangodutsa, chaka chisanathe. Galu wamkulu monga German Shepherd, Rottweiler kapena Boerboel, agalu omwe ambiri timaweta kuti azilondera pakhomo, atha kudikira mpaka chaka kapena chaka ndi theka. Kupyola zaka 2 phindu lodikira limakhala litatha, pomwe chiopsezo chikungokwera chaka ndi chaka.

Kudikiraku kuli ndi lamulo lake. Galu wamphongo amatha kuyamba kubereka asanakwane n'chaka chomwe, kotero amene akudikira ayenera kukhala mu mpanda wolimba, kutali ndi galu wamkazi amene ali pa nyengo. Ngati galuyo ndi woyendayenda m'mudzi kapena m'lokeshoni, ndi bwino kumufula msanga, chifukwa usiku umodzi ndi wokwanira kufesa chilemacho m'makomo angapo. Kafukufuku wa a Hart uja anachitika pa agalu a ku America, ndipo galu womasuka ali ndi ngozi zina zoti ziwerengeredwe: galimoto, ndewu ndi chiwewe.

Galu amene vutoli ladziwika ali kale ndi zaka 5 kapena kuposa safunikanso kudikira kalikonse. Ayezedwe magazi kaye, kuti zidziwike ngati estrogen sinayambe kuononga, kenako apite ku opaleshoni.

Opaleshoni yake

Dokotala amayamba ndi kufufuza komwe tchende lili. Amagoneka galu chagada n'kupapasa m'mphechepeche, ngakhale kuti mafuta kapena mwanabere zimatha kunamiza zala. Pomwe pali makina a sikani amaunika m'mimba. Tchende la pansi pa khungu limachotsedwa pocheka pang'ono pomwepo. La m'mimba limafuna kutsegula mimba, ngati mmene amachitira potseka galu wamkazi, ndipo galu amagonekedwa ndi mankhwala. Zipatala zina zimachita izi ndi kamera yolowetsa pa timabowo. Tchende lotsalira limatha kuchepa ngati njere ya nyemba, ndipo dokotala wodziwa amalipeza potsata kamtsempha konyamula umuna kuchokera pafupi ndi chikhodzodzo. Ntchitoyi siyofuna kuphunzirirapo: zalembedwapo kuti ena anachotsa kachiwalo kotchedwa prostate pokayesa tchende, galu n'kuvulala njira ya mkodzo. Bala limapola pa masiku 10 mpaka 14, galu atavekedwa chomutchinga kunyambita, osathamanga, osasamba. Mtengo umaposa wa kufula wamba chifukwa ntchito ndi yaikulu.

Jakisoni wa mahomoni wofuna kutsitsa tchende alibe umboni wokwanira. Kulikokera pansi n'kulisokera m'thumba madokotala ambiri amakana, chifukwa kumabisa chilema chomwe galu adzapatsirabe ana ake. Mabungwe a zionetsero za agalu, monga American Kennel Club, salola galu wamphongo wopanda machende awiri otsika kupikisana nawo.

Kufula kwa pakhomo

M'midzi yathu yambiri galu amafulidwa ndi lezala kapena pomanga labala, monga amachitira mbuzi. Njirayi ndi yozunza kwa galu aliyense, koma kwa galu wa tchende losatsika ndi yoipa kawiri, chifukwa imachotsa tchende labwino n'kusiya lija loopsa. Thumba limaoneka lopanda kanthu, onse amati galu anafulidwa, ndipo zaka zikadutsa palibe amene amakumbuka kuti panachoka limodzi lokha. Galu wotere amadziwika ndi khalidwe lake lokwera ndi kulondola zazikazi, ndipo pomwe kuyeza kulipo, magazi amaonetsa testosterone kapena homoni ya AMH, zomwe zimatsimikiza kuti tchende likadali m'thupi.

Wogula kagalu kakamuna apapase thumba asanalipire, afunsenso za bambo wake. Amene ali kale ndi galu wotere alembe mwezi womwe anabadwa, apite naye kwa a vetenale a boma kapena ku chipatala cha ziweto monga cha LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre, agwirizane tsiku la opaleshoni, ndipo ikatha apemphe kuona machende onse awiri.