Anyani omwe anatidwalira malungo

Mu 1931, ku Calcutta m'dziko la India, madokotala anapeza tizilombo ta malungo m'magazi a nyani wochokera ku Singapore. Nyaniyo sankaoneka wodwala kwenikweni. Koma Robert Knowles ndi mnzake Das Gupta atabaya magaziwo anyani a mtundu wa rhesus, matenda anakula msanga mpaka kuwapha. Kachilomboko kanapatsidwa dzina loti Plasmodium knowlesi, ndipo kuyambira pamenepo anyani akhala akudwala m'malo mwathu.

Ndi anyani omwewa amene anathandiza Henry Shortt ndi Cyril Garnham a ku London kutulukira mu 1948 kuti udzudzu ukaluma, tizilombo timayamba taswana m'chiwindi tisanalowe m'magazi.

Nkhani yomwe simveka kawirikawiri ndi ya mafuta. Cha m'ma 1970, gulu la Brian Maegraith ku Liverpool School of Tropical Medicine linkayeza mafuta m'magazi ndi m'chiwindi mwa anyani odwala knowlesi. Funso lawo linali lanzeru, chifukwa kachilombo ka malungo sikatha kudzipangira cholesterol. Kamadya za mwini thupi, ngati mlendo wobwera chimanjamanja. Lero n'zodziwika kuti munthu akadwala malungo, cholesterol imatsika, makamaka ya HDL, pomwe mafuta otchedwa triglycerides amakwera, ndipo akachira zimabwerera mwakale. Wodwala asanyadire kuti cholesterol yatsika, ndi matenda amenewo.

Ku makomboni a Lusaka, mafuta ndi malungo zimakumana mwa njira ina. Chloroquine atasiya kugwira ntchito, Zambia inali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kusankha Coartem, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mu Coartem muli mankhwala a lumefantrine, omwe salowa bwino m'thupi popanda mafuta m'mimba. N'chifukwa chake anesi ku Kanyama, Matero kapena Chawama amati mumwere mkaka kapena mudye kaye. Ambiri amangoyesa mwambo wa kuchipatala, n'kumeza ndi madzi okha poti pakamwa pakuwawa.

Malungo mu Lusaka ndi ochepa poyerekeza ndi ku Luapula, koma obwera kuchokera kumudzi amabwera nawo. Mukapezeka nawo, imwani Coartem kawiri pa tsiku kwa masiku 3 osadumphitsa, ndipo phala likhale lotendera nsinjiro.