Assisi: tawuni imene amati sinasinthe

Pa 3 October 2026 pakukwana zaka 800 chimwalirireni Francesco wa ku Assisi, amene Akatolika timamutchula Fransisko Woyera. Olondolera alendo amakonda kunena kuti tawuni yake, yomwe ili m'mbali mwa phiri la Subasio m'chigawo cha Umbria ku Italy, ili momwe iye anaisiyira. Ine ndikukana.

Kachisi wa Minerva, womangidwa ndi Aroma Yesu asanabadwe, anasandutsidwa tchalitchi mu 1539, ngakhale nsanamira zake zisanu ndi imodzi zikadalipo. Tchalitchi chachikulu cha San Francesco mwini wake sanachione n'komwe. Mwala wamaziko unaikidwa mu 1228, paphiri pamene kale ankapherapo zigawenga, ndipo chinadalitsidwa mu 1253. Ndi matchalitchi awiri osanjikizana, makoma ake odzaza zithunzi zojambulidwa ndi Cimabue ndi Giotto. Ukakwera ku linga la Rocca Maggiore umaona chigwa chonse cha mitengo ya maolivi, ndipo pakati pake pali Santa Maria degli Angeli, tchalitchi chimene anayamba kumanga mu 1569.

Koma tsiku limene linasintha zambiri ndi 26 September 1997. Chivomezi chinagwedeza Umbria usiku. Kutacha, ansembe ndi akatswiri analowa m'tchalitchi chapamwamba cha San Francesco kukaona ming'alu. Nthawi itayandikira masana, nthaka inagwedezekanso, ndipo zigawo za denga zinawagwera. Anthu anayi anafera pomwepo: awiri a chipani cha Francesco ndi akatswiri awiri. Kamera imene inali mkatimo inajambula fumbi likumeza chilichonse.

N'zosavuta kuloza chala chivomezi chokha. Komatu pamwamba pa dengalo panali zibuma ndi zinyalala zolemera zimene zinaunjikana kwa zaka mazanamazana, osazichotsa. Mibadwo inkasirira zithunzi zapansi, n'kuiwala katundu amene ankazipsinja kumwamba. Kunyalanyaza kumeneku kumandiwawa kuposa chivomezicho.

Okonza, pamodzi ndi ongodzipereka, anatola tizidutswa tambirimbiri ta zithunzi za kudenga m'fumbi, ena tochepa ngati chikhadabo, n'kumatilumikiza kamodzikamodzi. Tchalitchi chinatsegulidwanso mu November 1999, ndipo mu 2000 UNESCO inaika Assisi pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Chithunzi cha Jerome Woyera, chimodzi mwa zimene zinagwa, chinabwerera kudenga mu 2002. Cha Mateyu Woyera, chojambulidwa ndi Cimabue, chinabwezeretsedwa mu 2006, koma mbali yaikulu ya chithunzicho sinabwerere pamalo ake.