Thukuta la Makolo m'Dziko la Gomani: Kuchokera ku Dombole Kufika ku Damu la Mpira

Chaka chilichonse Angoni a kwa Maseko akasonkhana pa Nkolimbo, maso a anthu amakhala pa zishango, nthungo, nthenga za kumutu ndi phazi la ngoma logunda pansi. Nkoyenera kutero, pakuti zimenezi ndizo zizindikiro za mtundu. Komabe m'boma la Ntcheu muli chuma china cha mbiri chimene sichifika pabwalo la gule. Chumachi ndi makoma a njerwa a m'mamishoni akale, njanji yodutsa m'chigwa cha Bwanje pamodzi ndi milatho yake, ndiponso damu la Mpira. Ambiri amaziyesa zinthu za azungu kapena za boma. Nzoona kuti mapulani ake anachokera kutali, koma amene anaumba njerwa, kusenza zitsulo, kuphwanya miyala ndi kulipira msonkho wake anali ana a dziko lino.

Nthawi ya Mfumukazi Victoria

Mfumukazi Victoria inalamulira dziko la Britain kuyambira mu 1837 mpaka mu 1901. M'zaka zimenezo anthu a kumeneko anadzaza dziko lawo ndi njanji, milatho yachitsulo, migodi ya malasha ndi madamu omwetsa mizinda, ndipo mafakitale awo anayamba kufuna thonje, khofi ndi misika kutsidya kwa nyanja. M'zaka zomwezo Angoni a kwa Maseko anali pa ulendo wawo wautali. Atawoloka Zambezi anakafika mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kenaka anabwerera nadzakhazikika ku phiri la Domwe cha m'ma 1870.

Chitsulo sichinali chachilendo kuno. Kale lomwe amisiri a ng'anjo ankasungunula miyala napanga makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Chachilendo chinali makina oyenda ndi nthunzi. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anabwera ndi sitima ya pamadzi yotchedwa Ilala. Pofika pa mathithi a Shire anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu kukazilumikizanso kumtunda kwa mathithiwo. Mu 1878 ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani imene pambuyo pake inatchedwa African Lakes, yomwe anthu amaidziwa kuti Mandala. Sitima zake zinkayenda pa Shire ndi panyanja, koma paliponse pamene madzi analekezera, katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga. Angoni ambiri a ku mapiri kuno analowa ntchito imeneyi, ndipo ena ankatsika kukalima m'minda ya khofi ya ku Blantyre ndi Zomba.

Mamishoni a ntchito zamanja

Njerwa zowotcha zinafala m'boma lino ndi amishoni. Mu 1887 a Livingstonia anatsegula malo awo m'chigwa cha Livulezi, amene pambuyo pake anawasiya m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed Church. Mu 1892 Joseph Booth anayambitsa Zambezi Industrial Mission, ndipo mishoniyo inatsegula malo ku Ntonda, Dombole ndi Chiole. Ku Gowa kunabwera Baptist Industrial Mission ya ku Scotland. Ganizo la mamishoni amenewa linali lakuti mpingo uzidzidalira polima mbewu zogulitsa, makamaka khofi, ndiponso kuti wophunzira Mawu aphunzirenso luso la manja. Kotero anyamata amene atate awo anakula ndi chishango anayamba kugwira chikombole cha njerwa, sowo ndi chingwe choongolera khoma. Mu 1901, chaka chimene Victoria anamwalira, ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'dera la Njobvuyalema, ndipo nawonso anafuna owumba njerwa, ocheka matabwa ndi omanga.

Ntchito zatsopanozi zinagwedeza ufumu. Mu 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo pangano lake ndi Portugal la chaka chomwecho linadula dziko la Amaseko pakati: Domwe anatsala ku Mozambique, midzi ina inagwera mbali ino. Boma latsopano linayamba kufuna msonkho wa nyumba, masheleni atatu pachaka. Munthu wopita kukagwira ntchito kwa mzungu kapena wokhoma msonkho ku boma ankaoneka ngati wasankha mbuye wina. Inkosi ya Makhosi Gomani Woyamba anaona kuti anthu ake akumuchoka m'manja, ndipo mu October 1896 ankhondo ake anakantha midzi yoyandikana ndi mamishoni a Zambezi. Boma, limene panthawiyo linkatsogozedwa ndi Alfred Sharpe, linatumiza asilikali. Ngwenyama inagwidwa, inakana kugonja, ndipo inaphedwa pa 27 October 1896. Pambuyo pake boma linamanga linga la asilikali ku Mlangeni.

Choncho mlendo woyenda ku Dombole kapena ku Chiole akuyenda pamalo amene sukulu, luso la zomangamanga ndi imfa ya Gomani zinakumana. Mbiri ya malo amenewa singakambidwe mbali imodzi yokha.

Njanji ifika m'chigwa cha Bwanje

Gomani ataphedwa, njira yotengera anthu ku ntchito inatseguka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linakweza msonkho kufika pa masheleni asanu ndi limodzi, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka lokha. Lamuloli linatulutsa amuna ambiri m'midzi. Eni minda ya khofi nawo ankadandaula kuti ntchito ya mtengatenga ikuwalanda antchito, pakuti anthu zikwizikwi ankathera nthawi yawo pamsewu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anapemphera njanji.

Njanji yoyamba, yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 inatalikitsidwa kufika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1922 njanji ina yochokera ku Beira inafika kutsidya kwa mtsinjewo. Katundu ankawoloka pa zombo kufikira mu 1935, pamene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa. Mlathowu ndi wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, ndipo unamangidwa ndi kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington, mzinda womwewo umene unatchuka ndi njanji ya Stockton ndi Darlington ya mu 1825. Mtsinje umene makolo a Angoni anawoloka movutikira zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo tsopano unkawolokedwa ndi sitima.

M'chaka chomwecho cha 1935 inatha njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, mtunda woposa makilomita 250. Njanjiyi imawoloka Shire pafupi ndi Matope, imadzera ku Balaka, nilowa m'boma la Ntcheu kudutsa pa Bilila ndi Sharpevale, kenaka nkupitirira ku Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Akatswiri anapewa mapiri a Ntcheu ndi Dedza chifukwa sitima siitha chitunda chachikulu, ndiponso cholinga chawo chinali kukafika kunyanja. Nchifukwa chake boma la Ntcheu, Lizulu ndi Tsangano, kumene kumachokera mbatata ya kachewere ndi ndiwo zamasamba, zinatsala kutali ndi njanji. Dzina lakuti Sharpevale nalo limakumbutsa Sharpe yemwe uja wa mu 1896.

Victoria anali atamwalira kalekale, koma luso lake la njanjiyi linali lomwe lija la m'nthawi yake: mpata wa mamita 1.067 pakati pa zitsulo ziwiri, injini zotentha moto ndi kumwa madzi, ndi matanki a madzi m'masiteshoni. Ntchito yaikulu inagwiridwa ndi manja. Anthu analambula tchire, anakumba dothi ndi makasu ndi mapiki, analisenza kukweza mtumbira wa njanji, naphwanya miyala yoyala pansi pa zitsulo. Chigwa cha Bwanje chinawonjezera vuto lake. Mitsinje yotsika ku mapiri, monga Livulezi, imaphwa kapena kuchepa m'chilimwe koma imasefukira mwadzidzidzi m'dzinja, kotero panafunika milatho ndi ngalande zambiri zodutsa pansi pa njanji. Kutentha ndi malungo a m'chigwa zinasautsa anthu ozolowera mphepo ya kumapiri.

Mtengo wa njanjiyi sunathere pa thukuta. Ngongole za njanji ndi mlatho wa Zambezi zinalemera pa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri, ndipo ndalama zimene zikanamanga sukulu ndi zipatala zinkapita kukabweza ngongolezo. Olemba mbiri, monga Leroy Vail, anasonyeza kuti ntchitoyi inavomerezedwa ku London kwakukulukulu pofuna kupatsa ntchito mafakitale a zitsulo a ku Britain pa nthawi ya ulova. Mlimi wa ku Kasinje amene sanakwerepo sitima analipirako ndithu kudzera mu msonkho wake.

Ngakhale zinali choncho, njanji inasintha moyo wa m'chigwa. Thonje ndi chimanga zinapeza njira ya ku msika, pa masiteshoni panabadwa timisika, ndipo anyamata opita ku Halale ndi ku Joni ankakwera sitima m'malo moyenda pansi milungu yambiri. Njanji yomweyi inanyamulanso sitima ya Ilala yachiwiri, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949. Zidutswa zake zinatsikira ku Beira, zinadutsa m'chigwa cha Bwanje kupita ku Chipoka, ndipo sitimayo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ilala yoyamba inafika pamitu ya anthu, yachiwiri inafika pa njanji imene anthu anamanga. Ufulu utabwera, njanji inalumikizidwa ku doko la Nacala kudzera pa Nkaya mu 1970, ndipo inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980.

Madzi a ku Mpira

Damu la Mpira ndi la m'badwo wina. Linamangidwa dziko lili kale pa ufulu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma nzeru yake ndi yomwe ija imene inamwetsa mizinda ya ku Britain m'nthawi ya Victoria: kutchinga mtsinje pamalo okwera kuti madzi azitsika okha m'mapaipi popanda injini yowapopa. Kuchokera ku mapiri a Mvai, madzi a ku Mpira anafika m'midzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka, ndipo anthu a m'midzimo anakumba nawo ngalande zoikamo mapaipi. Amayi amene ankalawirira ku zitsime za m'madambo anayamba kutunga pa mpopi wa m'mudzi.

Mu 2018 damulo linaphwa. Mvula inali itachepa, komanso mitengo ya kumtunda inali itatha ndi nkhwangwa ndi makala, minda inali itafika m'mphepete mwa mitsinje, ndipo dothi lokokoloka linadzaza m'damumo. Mipopi inauma kuyambira ku mapiri mpaka ku Balaka. Chenjezo lofanana nalo linali litaoneka kale mu 2003, pamene mtsinje wa Rivirivi, umene umachokera ku mapiri a Ntcheu, unakokolola mlatho wa njanji m'boma la Balaka, nudula njira ya sitima ya ku chigawo chapakati kwa nthawi yaitali. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Phiri likavulidwa, madzi amatsika onse tsiku limodzi nagumula mlatho, kenaka nkusowa chaka chonse.

Zoyenera kusungidwa

Ku Britain, njanji za m'migodi ya miyala, milatho ndi madamu a m'nthawi ya Victoria zimasamalidwa, ndipo ana a sukulu amapita kukaziona. Kuno injini zakale za nthunzi zikusungidwa ku nyumba ya mbiri ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndipo dziko lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zamakedzana. Koma lamulo lili ku Lilongwe, pamene khoma lakale lili m'mudzi. Njerwa zikaphwasulidwa kukamangira khola, kapena chitsulo cha pa mlatho chikazulidwa kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, amaona ndi anthu a pamalopo. Mlonda weniweni wa zinthu zimenezi ndi nyakwawa, gulupu ndi inkosi ya deralo pamodzi ndi anthu awo.

Chimene chili pangozi koposa ndi maina. Mabuku a boma ndi a makampani anasunga maina a abwanamkubwa, amishoni ndi mainjiniya, koma owumba njerwa a ku Gowa ndi ophwanya miyala a ku Bilila anangolembedwa ngati chiwerengero. Amene anagwira ntchito pa njanji mu 1935 anapita, koma ana awo ena alipo, ndipo akukumbukira kuti atate awo anagwira pa mlatho uti, kapitawo wawo anali yani, ndi nyimbo zimene ankayimba posenza zitsulo. Angoni amadziwa kusunga maina, pakuti zithokozo za mafumu ndi ziwongo za mabanja zayenda pakamwa kuchokera kumwera kufika kuno osatayika. Luso lomwelo lingathe kusunga maina a antchito amenewa, ngati aphunzitsi, mipingo ndi achinyamata a m'madera a Inkosi Ganya, Inkosi Makwangwala ndi mafumu ena atakhala pansi ndi agogo, nalemba zimene akunena nthawi ikadalipo.

Gomani Woyamba anafa pokana kuti anthu ake asanduke antchito a mlendo. Ana ndi adzukulu a anthu akewo anagwirabe ntchitoyo, ena mokakamizidwa ndi msonkho, ena pofuna luso ndi ndalama, ndipo zimene anamanga zikutumikira dziko mpaka lero. Mtundu umene ukulemekeza manda a Ngwenyama pa Nkolimbo uli ndi chifukwa chokwanira chosamalira makoma a ku Dombole, milatho ya ku Bwanje ndi nkhalango ya Mvai imene imamwetsa damu la Mpira.